Tinsalu Tisanu ndi Titatu

Zaka zimenezo mukafika ku Chinsapo n'kufunsa wokonza njinga wodziwa ntchito, anthu ankakulozerani pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, pomwe Laws Mhango ankakhala ndi beseni lake loyesera machubu. Anali munthu wa ku Ekwendeni, wosakonda zolankhulalankhula, woti akati mawa ndiye kuti mawadi. Anakwatira kuno pakati. Mkazi wake Thokozire kwawo kunali kamudzi kena kuseri kwa Njewa, ndipo asanayambe zokonza njinga, Laws anatha zaka zisanu ndi chimodzi akupikula tomato ndi mpiru m'madimba a kumeneko. Pakati pa Chinsapo ndi Njewa panalibe kanjira, chulu kapena khwawa lomwe tayala lake linali lisanapondepo.

Ndiye panali Collins Nyirenda. Ameneyu anali wakwawo, ndipo Laws ndiye anakamulandira pa depoti akutsika basi ndi kachikwama kamodzi. Anagona chipinda chimodzi zaka ziwiri, bulangete limodzi, sopo mmodzi. Laws akukwatira mu 1986, amene anaima pambali pake m'tchalitchi anali Collins yemweyo. Pambuyo pake mwayi unamugwera, anapeza ntchito yolandira alendo pa nyumba ina yogona azungu, nakwatira n'kusamukira ku Biwi. Chingerezi chake chinayamba kutulukira m'mphuno, koma kwa Laws ankati achimwene, achimwene, mawu ozuna ngati nzimbe ya kudambo.

Tsiku lina mu 1993 Collins anabwera akukankha njinga yachilendo, ya matayala okhuthala ndi magiya osawerengeka, yomwe eni ake ankati ndi yokwerera mapiri. Mwini wake, mzungu wina wogwira ntchito za madzi, ankatsatira m'mbuyo. Laws atamaliza kuwongola masipoko, mzunguyo anadandaula kuti mu Lilongwe mulibe koti munthu n'kutchova mwamtendere, kulikonse maminibasi. Laws anangoseka n'kumuuza Collins kuti amasulire kuti njira zilipo, zokwera, zotsika, zodutsa m'miyala ndi m'madimba, zoti munthu n'kutchova tsiku lonse osakumana ndi galimoto.

Koma njira zonsezo zinkakumana pamalo amodzi. Kumunsi kwa dimba la a Eness, mkulu wake wa Thokozire, kunali khwawa lakuya, ndipo pakhwawapo panali ulalo wa mitengo inayi ya bulugamu. Ulalowo anauyala ndi Laws yemweyo pamodzi ndi a Owen, amuna a a Eness, masiku a tomato aja. Popanda ulalowo munthu ankayenera kuzungulira mpaka ku msewu wa Mchinji.

Laws sanali munthu wolowera pawindo. Anatenga mkazi wake Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, nakakhala pakhonde pa a Eness n'kupempha mwaulemu kuti azidutsitsa alendo a njinga pa ulalowo. Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. A Owen anali munthu wa nthabwala koma wamutu, ndipo iwo ndi amene anabweretsa chiwerengero. Anati mayi wosenza ndowa yamadzi akapatuka m'njira kuti njinga zidutse, angathe kudikira njinga zisanu ndi zitatu khosi lisanayambe kuwawa, ikadutsa yachisanu ndi chinayi ayamba kutukwana. Choncho anagwirizana: njinga zisanu ndi zitatu basi, Loweruka lokha, ndipo mvula yoyamba ikagwa njira itsekedwe mpaka anthu akolole. Chomaliza anachinena a Eness, kuti akapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa m'njira, aliyense atsike, avule chipewa, ayende chokankha, chifukwa pamenepo pali maliro.

"Azungu anuwo ife sitiwadziwa, alamu," anatero a Eness. "Ife tikudziwa inu. Chikalakwika tidzafunsa inu."

Laws anavomera, ndipo kuyambira tsikulo chomwe anaika pa ulalo uja chinali dzina lake. Munthu wa kumpoto wokwatira kwa eni alibe munda kumeneko, alibe manda, ali ndi mawu ake okha.

Kuti anthu a m'mudzi azidziwa njinga zololedwa, Thokozire anatulutsa nsalu ya ukwati wawo, yofiira yokhala ndi nkhanga zachikasu. Nsalu imeneyo inali itasowa kalekale m'masitolo a amwenye, ndiye panalibe woti angakaigule n'kubera. Anadula tinsalu tisanu ndi titatu n'kutipinda m'mphepete bwinobwino ndi makina ake. Loweruka lililonse Laws ankamanga kansalu kamodzi pa handulo ya njinga iliyonse ponyamuka, n'kumasula pobwerako. Njinga yopanda nkhanga sinkawoloka pa ulalo wa a Eness, ngakhale wokwerayo akhale bwana wa mtundu wanji.

Chaka choyamba zinthu zinayenda ngati zodzoza mafuta. Amayi ankayala nthochi ndi nzimbe pafupi ndi ulalo, alendo n'kumagula. A Owen anaphunzira kunena moni wa Chingerezi n'kumaseka okha. Laws akamadutsa kutsogolo kwa gulu lake anthu ankasiya makasu n'kumukwezera mkono.

Kenako kunabwera zipani zambiri, ndipo pambuyo pa chisankho cha 1994 mabungwe anasefukira mu Lilongwe. Alendo anachuluka, aliyense ndi njinga yake padenga la galimoto. Nawonso a Malawi a m'maofesi anayamba kugula njinga zomwezo, zipewa zolimba zomwe, makabudula othina omwe. Mbiri ya njira za ku Njewa inafala. Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango pankafika anthu makumi awiri, tinsalu tili tisanu ndi titatu tomwe tija. Otsalawo Laws ankawauza kuti adikire sabata yamawa, ndipo ena ankachoka akung'ung'udza.

Apa ndi pomwe Collins anayamba kuyabwa. Ankati achimwene mukutaya mwayi, achimwene dziko lasintha, achimwene njira si ya munthu. Laws ankayankha kuti njira ndi ya amene amasenzapo madzi. Ulendo wina malungo atamugwetsa, anapereka tinsalu kwa Collins kuti atsogolere gulu. Atachira anamva kuti pa ulalo panawoloka njinga khumi ndi zinayi, kuti nkhuku ya mayi wina inapondedwa, ndiponso kuti mabuleki anakumba ngalande pamtsetse wotsikira kukhwawa. Collins analumbira kuti enawo anangotsatira okha, iye sakanatha kuwathamangitsa. Laws anamukhulupirira. Anatenga khasu n'kukakwirira ngalande ija yekha, napepesa mwini nkhuku pomupatsa thadzi lake.

Sikuti Laws anali wouma mutu. Anaona kuti anthu achulukadi, ndipo anaganiza zopita ku midzi ya mbali ya Likuni kukapempha njira ina, kuti magulu azisinthana, njira ina ikamagwira ntchito ina izipuma. Zimenezo zinkafuna nthawi, kukhala pamakonde, kumwa thobwa, kudikira yankho. Atamufotokozera Collins, iye anangoti zonse zili m'manja mwanu achimwene. Ine wokamba nkhaniyi, anthu ovomera chilichonse ndimawaopa kuposa otsutsa. Wotsutsa umadziwa pomwe waima.

Mu Ogasiti 1996, Lachinayi masana, a Owen anamwalira kuchipatala atadwala sabata imodzi yokha. Thupi linkapita kumudzi Lachisanu, kuika Loweruka. Lachisanu m'mawa, asananyamuke, Laws anapalasa njinga mpaka ku Biwi kuti uthenga usadutse m'kamwa mwa munthu wina. Anamupeza Collins akupukuta nsapato pakhonde, namuuza kuti mawa kulibe ulendo, njira yatsekedwa, ku Njewa kuli zovuta. Collins anaika nsapato pansi, namugwira Laws ndi manja onse awiri. Maso ake anachita kulengeza misozi.

"Pepani achimwene. Pitani mukalire ndi mtima umodzi. Alendo ndiwauza ndine, sipapita ngakhale njinga imodzi."

Chomwe sananene n'chakuti kwa milungu itatu anali akugawa timapepala m'mahotela ndi m'maofesi, toitanira anthu ku ulendo waukulu wa Loweruka lomwelo, ndipo pamwamba pa timapepalato panali dzina la Laws.

Laws anafika kumudzi tinsalu tonse tili m'thumba la m'kati la jekete, poti anazolowera kusatisiya. Anagwira ntchito za mkamwini, kuwaza nkhuni, kutunga madzi pa njinga, kunyamula mabenchi a kutchalitchi. Manda a mudziwo anali kutsidya kwa khwawa, mbali ya ku Chinsapo, choncho madzulo a Lachisanu anadula nthambi za mango n'kukaziyala yekha pamwamba pa mtsetse, pomwe njira imayamba kutsikira ku ulalo. Anayala zambiri, zoti ngakhale wakhungu akanazipunthwa.

Loweruka dzuwa lili paliwombo, mwambo wa pakhomo utatha, anthu ananyamuka kupita kumanda. Amayi a chigwirizano anali m'mbuyo mwa bokosi ndi nyimbo, amuna akulandirana kunyamula monga mwa mwambo. Pofika pa ulalo, Laws analowa n'kugwira kutsogolo kudzanja lamanja. Anafuna kuti mnzake awoloke komaliza ali m'manja mwake, pa mitengo yomwe anayala awiriwo.

Ali pakati pa ulalo anamva phokoso lomwe khutu lake linkalidziwa kuposa la aliyense, kulira kwa matcheni ambiri pamodzi. Mtsetsewo uli ndi kona yobisika ndi nsenjere, moti wotsika saona ulalo mpaka atafika pafupi. Njinga yoyamba inatulukira pakona ili pa liwiro. Wokwerayo ataona bokosi anafinya mabuleki, tayala lam'mbuyo linakhukhuluzika, wachiwiri anamugunda, wachitatu anapatukira m'mbali n'kulowa pa ulalo chopingasa. Onyamula kutsogolo anabwerera m'mbuyo, a m'mbuyo akukankhabe. Phazi la Laws linalowa pakati pa mitengo iwiri, bondo linapinda, ndipo ngodya ya bokosi inamenya pa ulalo, gu! Nyimbo inadukira pakati.

Njinga zinapitiriza kutuluka pakona paja ngati ngumbi, zina kugwera mu nsenjere, zina kulowa m'dimba la a Eness n'kuponda mabedi a anyezi. Fumbi linakwera n'kugwera pa bokosi ndi pa mipango yoyera ya amayi. Zinalipo zoposa makumi anayi. Alendowo, kunena zoona, ambiri anagwidwa manyazi, anavula zipewa zawo n'kuima chilili osadziwa kolowera. Koma anthu a m'mudzi sankayang'ana nkhope zawo. Ankayang'ana mahandulo. Pa handulo iliyonse panali kansalu kofiira ka nkhanga zachikasu.

Kenako maso onse anatembenukira kwa Laws, amene anali atagwadabe pa ulalo, phewa lili pansi pa bokosi.

Collins anafika pomalizira, atavala wisulo m'khosi. Ataona zomwe zachitika sanachite mantha nthawi yaitali. Anatsika, navula chipewa, nayenda mpaka pomwe panaima akuluakulu a kuchimuna kwa malemu, n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Pepani makolo anga. Ine ndangotumidwa. Njira ndi ya a Mhango, nsalu ndi za a Mhango. Za maliro sanandiuze, ndipo m'njira monse sitinaone nthambi."

Laws anamva zonsezo. Akanakuwa bwanji bokosi lili paphewa? Pamaliro sipokanganirana. Anadzuka, onyamula anakonza bokosi, ulendo unapitirira, alendo atapanikizana m'mbali mwa njira. Pomwe anthu ankafika kumanda, Collins anali atabweza gulu lake, fumbi lokha likuoneka kumtunda.

Mwambo wa kumanda Laws sanaumve. Mtima unkamuwawa kuposa bondo. Anthu atayamba kubwerera, iye anakwera mtsetse chotsimphina mpaka pomwe anayala nthambi. Panalibe ngakhale tsamba. Anazipeza zitaunjikidwa m'ngalande kuseri kwa chulu, ndipo kuchokera m'njira kukafika pamenepo panali mzere wa tayala la njinga imodzi, wopondedwa pa dothi lomwe linali lonyowa ndi mame. Laws anawerama. Tayala lam'mbuyo la njinga imeneyo linali ndi chigamba chopingasa chomwe chinkasiya chidindo pakazungulira kalikonse. Chigambacho anachimata yekha miyezi iwiri yapitayo, ndipo sanalipiritse, poti inali njinga ya m'bale. Ndiye kuti Collins analawirira m'mawa yekha kudzachotsa nthambizo, kuti alendo ake asatsike, akuganiza kuti adutsa maliro asananyamuke. Laws anakhala pa chulu paja n'kulira, ndipo sankalirira a Owen okha.

M'mawa mwake, atasesa pakhomo, a Eness anamuitanitsa. Anali atakhala pamphasa pakhonde lomwe lija, mutu womangidwa, achibale atawazungulira, Thokozire ali pambali pawo. Laws anakhala pansi n'kufotokoza zonse mwadongosolo: za ku Biwi, za nthambi, za chigamba cha tayala. Potsiriza anapisa m'jekete n'kuyala tinsalu pamphasa kamodzikamodzi. Tinakwana tisanu ndi titatu, topindidwa m'mphepete, tosuluka ndi dzuwa la zaka zitatu. Anati ngati akufuna apite nawo akaone mzere wa tayala usanafufutike.

A Eness anayang'ana tinsaluto nthawi yaitali. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza.

"Tamva, alamu. Bodza simunanenepo chikwatirire muno, ndipo lero sitikuti mwanama. Koma mnyamatayo anamubweretsa pano ndani? Njira anamuonetsa ndani? Amuna anga anagunditsidwa mutu pa mtengo ali m'bokosi, anthu akuona. Tinanena pakhonde pompano kuti chikalakwika tidzafunsa ndani?"

"Ine," anayankha Laws.

A Eness anamuuza kuti ulalo uchoke lero lomwelo. Mmodzi mwa achibale anayesa kukumbutsa kuti ulalowo umathandizanso mudzi, popita kumadimba a kutsidya, kuchigayo, ngakhale kumanda. A Eness anati kale ankatsika m'khwawa ndi miyendo, adzatsikanso, koma njinga ya mlendo sidzawolokanso pakhomo pawo iwo ali moyo. Anati amene anayala ndi amene achotse, ndipo popeza mnzake wagona, achotse yekha. Anatuma munthu kukatenga nkhwangwa ya malemu.

Laws anakankha njinga yake n'kuiwolotsa, naigoneka kutsidya. Kenako anayamba kudula. Bulugamu wouma wa zaka khumi si masewera, nkhwangwa inkadumpha ngati ikumenya chitsulo. Palibe anabwera kudzamuthandiza. Amayi omwe ankagulitsa nthochi pamalopo anadutsa ndi ndowa zawo, natsikira m'khwawa cham'munsi osamupatsa moni. Mtengo woyamba unagwa dzuwa likukwera, wachiwiri ndi wachitatu masana, manja atatuluka matuza n'kuphulika.

Utatsala umodzi, Thokozire anatsika kuchokera kumudzi. Iye ankayenera kutsala ndi mkulu wake mpaka masiku a maliro atatha, ndipo panalibe amene anali atanena kuti masikuwo ndi angati. Anaima kumapeto kwa mtengowo, mbali ya kumudzi, atafumbata kanthu m'manja. Anati dzulo anatola tinsalu tina tomwe alendo anataya mu nsenjere, tosapinda m'mphepete, tongong'amba ndi lezala. Tambiri tinali ta chitenje chomwe iye anapatsa mkazi wa Collins chaka chomwe mkaziyo anakwatiwa, poti nsalu ya ukwati ija inatsalako. Koma kamodzi kanali kosiyana.

Anayenda mapazi atatu pa mtengo uja n'kutambasula mkono. Laws analandira. Kansaluko kanali ndi kabowo ka batani, kosokedwa ndi ulusi wachikasu.

"Ndi shati ija Collins anavala ataima pambali panu m'tchalitchi," anatero Thokozire. "Mabowo amenewa ndinasoka ndine, ndi manja."

Anabwerera mbali ya kwawo n'kuima poteropo. Laws anaika kansaluko m'thumba momwe munkakhala tinzake tija, nalavulira m'manja, nanyamula nkhwangwa. Mtengo womaliza utagwera m'khwawa, iye anali tsidya lino, mkazi wake tsidya lina. Nkhwangwa inali ya eni ake, ndiye anaiponya mosamala kuti igwere pa udzu, Thokozire naitola.

Laws anadzutsa njinga yake. Pamtsetsepo panalibenso nthambi, koma sanakwere. Anavula chipewa n'kuyamba kukankha kulowera ku Chinsapo.